Wonga Wochepa wa a Fabiano

Amuna anga a Fabiano anali munthu wamakani, ndipo ndikunena ndine amene ndinawaphikira zaka zonsezo. Ukawauza kuti kukubwera mvula, ankayang'ana kumwamba n'kunena kuti ndi utsi wa ku fakitale, uku madontho akuwagwera pamphuno. Koma pa nkhani ya mfuti ndiwapatse ulemu wawo. Pa esiteti yonse ya tiyi imene tinkakhala kuno ku Thyolo, mlenje anali iwowo basi.

Mfutiyo sinali yawo. Inali ya bwana wa esiteti, mzungu amene tinkamutcha Kamfuno chifukwa chilichonse ankayamba wachinunkhiza, kaya ndi tsamba la tiyi, kaya ndi chipewa chake chomwe. Chinali chimfuti chakale, chachitali, cholemera ngati munsi. A Fabiano ankaphera nacho nguluwe zimene zinkatha chimanga cha antchito, akambuku ogwira mbuzi, ndiponso nyama ya phoso. Nkhondo ya Jeremani itatha, zipolopolo zake zinasiya kupezeka m'masitolo a ku Limbe, ndiye amuna angawo anayamba kupanga okha.

Ankatola makoko amkuwa a zipolopolo zowombedwa kale n'kuwatsuka. Mtovu ankaupeza ku fakitale, chifukwa mabokosi otumizira tiyi kunja ankawayala mtovu wopyapyala m'kati, ndiye bokosi likasweka iwo anali oyamba kufika. Ankausungunula m'kampoto kachitsulo, kuuthira m'chikombole, ndipo chipolopolo chikazizira ankachipaka phula la njuchi. Wonga ndi tifataki toyatsira wongawo ankapatsidwa ndi bwana. Poyeza wonga anali ndi kansungwi kawo kamene anadula okha, ndipo ankakadzaza mpaka pakamwa. Akawomba, mbalame za phiri lonse zinkauluka, iwo eni n'kubwerera m'mbuyo ngati awakankha pachifuwa. Zimenezi zinkawasangalatsa kwambiri. Ankati mfuti yachimuna imayenera kumuyankha mwini wake.

Ine sankandilola kukhudza kanthu. Kwathu kuja, tisanawoloke Ruo kuthawa Apwitikizi, alenje ankanena kuti mkazi akakhudza zida za uzimba mfuti imazizira, siiphanso nyama. Tinabatizidwa tonse tsiku limodzi, zambiri zamakolo anazisiya, koma ichi chokha madzi a ubatizo sanachifike. Posesa m'nyumba ndinkalambalala ngodya ya mfuti, mpaka akangaude anamangapo mudzi.

Chaka chimene ankagwetsa nkhalango ya kuseri kwa fakitale kuti abzale tiyi watsopano, nthambi ya mbawa inawagwera paphewa la kumanja. Anawanyamulira ku chipatala cha mishoni ku Makwasa, anawamanga bwino, fupa linalumikizana. Koma phewalo silinabwererenso mwakale. Tsiku loyamba kuwomba atachira, anabwera kunyumba nkhope itachita phulusa, mkono uli lende. Anakhala masiku angapo osatha kufikitsa dzanja pakamwa. Nditafunsa, akuti ndi malungo. Malungo ogwira phewa lokha, ine ndinali ndisanawaonepo.

Ndiye kunabwera njati. Inali yamphongo, yokalamba, yoyenda yokha, ndipo anthu ankati inakwera kuchokera kuchigwa cha Shire kudzera ku Thekerani. Inakhazikika m'khwawa la kumunsi kwa nazale, kumene ankafesa mbande za tiyi. Inaponda mbande, inagwetsa zisakasa, inathamangitsa amayi otunga madzi mpaka wina anathyoka mwendo pothawa. Anthu anakana kupita ku nazale. Kamfuno anawaitanitsa a Fabiano n'kuwauza mosazungulira kuti njatiyo ife mwezi usanathe, apo ayi mfuti apatsa munthu wina.

Amene sanakhalepo pa malo a mzungu angaganize kuti nkhani inali ya mfuti chabe. Pa esiteti nyumba imayendera ntchito. Mwamuna amene sangathe kulima thangata, komanso sangathe kuwomba, amauzidwa kuti asamuke. Nanga tikanalowera kuti? Malo onse ozungulira anali ndi eni ake, ndipo kubwerera kutsidya kwa Ruo ndi kumene sitikanayerekeza. Pakhomopo tinali ndi chinangwa chathu, nandolo wathu, nthochi zimene ndinabzala ndi manja angawa. Kumanda a pa esitetiyo kunagona mwana wathu woyamba, Amosi. Ndinkachita mantha, sindibisa, moti chakudya chinasiya kundikomera.

Tsiku lina ndikuwathowa phewa ndi madzi otentha ndinati, "Bambo a Leah, bwanji muchepetse wonga?"

Anandiyang'ana ngati ndawatukwanira mayi awo. "Ndikawombe njati ndi wonga wophera nkhwali? Make Leah, za mfuti mwazidziwira kuti inu?"

"Ndazidziwira pa phewa lanuli. Amalithowa ndani?"

"Anthu adzati chiyani akamva mfuti ya Fabiano ikulira ngati yodwala?"

"Anthu omwewo adzatithandiza kusenza mphasa tikamasamuka," ndinatero, ndipo ndinafinya nsalu ija mwamphamvu pang'ono kuposa mmene zinafunikira.

Anadzuka n'kutuluka panja. Koma m'mawa mwake ndikuchokera kumtsinje ndinawapeza kuseri kwa nyumba, mpeni uli m'manja, akudula kansungwi kaja pakamwa. Ankadula pang'ono kwambiri, nkhope atakwinya ngati akudzidula chala. Atandiona anati kanali katang'ambika. Ndinati inde, ndinakaona dzulo kuti kang'ambika.

Vuto lina linatulukira pa mtovu. Dzanja lawo linkanjenjemera akanyamula chipande chachitsulo, mtovu unkatayikira pambali, ndipo zipolopolo zinkatuluka zamakwinya ngati nkhope ya agogo. Anayesa, anabwezera mumpoto, anayesanso. Ine ndinali chapatali ndikusenda chinangwa, kuchita ngati sindikuona. Kenaka ndinamva akutsokomola kachifuwa kabodza kaja.

"Make Leah, tabwerani mugwire apa."

"Ine? Nanga mfuti siizizira?"

"Kodi si zimene tikufunazo," anatero osandiyang'ana.

Ndinaseka mpaka misozi, iwonso anamwetulira chobisa. Kuyambira tsiku limenelo wothira mtovu ndinali ine, iwo akugwira chikombole ndi dzanja lamanzere n'kumandilamula ngati kapitawo. Thirani msanga, musadukize, mwachedwa, mwafulumira. Ndinawauza kuti mkazi amene wakhala akuthira phala m'makapu a ana osadontheza sangaphunzitsidwe kuthira ndi munthu amene sadziwa pamene pamakhala chipande. Zipolopolo zanga zinkatuluka zosalala, zonyezimira, ndipo ankazitembenuza m'manja kufunafuna cholakwika mpaka kutopa.

Wonga ankayeza okha. Popeza tsopano unali wochepa, pamwamba pake ankatsenderapo thonje kuti m'khoko musatsale malo. Akatha tinkapita kumtsinje kumene kunali chipika chonyowa cha mbawa. Ankawomba chipikacho, kenaka n'kulowetsa kaudzu pabowo kuti aone pamene chipolopolo chalekeza. Phewa likapweteka, ankadulanso kansungwi. Tsiku lina anadula mopitiriza, chipolopolo chinangolowa pang'ono, ndipo anandiyang'ana ngati ndine ndachititsa. Anakadula kansungwi kena n'kuyambiranso. Potsiriza anapeza muyezo umene phewa linkapirira koma chipolopolo n'kumalowabe bwino. Anati chokhacho n'chakuti njatiyo ayenera kuiyandikira.

"Kuiyandikira bwanji?" ndinafunsa.

"Mpaka kuona nkhupakupa zili pakhosi pake."

Apa ndinayamba kudandaula kuti ndinatsegulira chiyani pakamwa panga.

Kumpanda kwa antchito nkhani inali itafika kale. A Teleza, oyandikana nafe nyumba, amene ankadziwa za m'nyumba ya aliyense kupatula yawo, anandipeza pamtondo. "A Anesi, akuti mwaigwira mfuti ya amuna anu. Dzulo tamva ikulira ngati mbuzi ya chimfine." Ndinawauza kuti ngati akufuna phokoso akaime pafupi ndi injini ya ku fakitale, ife tikufuna nyama. Ndinayankha molimba choncho, koma mumtima ndinkadzifunsa kuti nanga alenje akale aja akakhala kuti ankanena zoona.

Panalinso china chimene a Teleza sankadziwa. Mkono wa a Fabiano sunkatha kunyamula chimfuticho nthawi yaitali. Akaloza, nsonga yake inkayamba kuvina. Ndiye anadula mtengo wamphanda woti azitsamiritsapo mfuti powomba. Koma munthu wa phewa limodzi anganyamule bwanji mfuti ndi mtengo pamodzi m'khwawa loterera? Ndinati mtengowo ndinyamula ine. Anakana, anakalipa, anati chiyambire dziko mkazi sanapiteko ku uzimba wa njati. Ndinati chabwino. M'mawa wa tsikulo atatuluka, ndinatenga mtengo uja n'kuwatsatira. Anacheuka kamodzi, anapukusa mutu, anapitiriza kuyenda.

Kunali chiperoni, kamvula kowaza kaja kamene kamanyowetsa munthu osadziwa. Tinadutsa mizere ya tiyi, tinadutsa nazale yopanda munthu, tinatsikira m'khwawa. A Fabiano ankayenda mwakachetechete moti ndinadabwa kuti ndi omwe aja amagwetsa mitsuko m'nyumba. Anandilozera ndowe zofuka nthunzi, kenaka anaika chala pakamwa. Tinakwera pathanthwe lalikulu lotsetsereka, ndipo kumunsi kwake, m'nsenjere, ndinaona chinthu chakuda chimene poyamba ndinayesa mwala. Mwalawo unagwedeza khutu.

Nkhupakupa sindinazione, koma fungo lake ndinalimva. Ndinawapatsa mtengo uja, anauimika, anatsamiritsa mfuti. Thanthwe linali lonyowa, landere, ndipo mtengo unatsetsereka. Anauimikanso, unatsetserekanso, uku ukukhula pamwala. Njati inadzutsa mutu. Inatiyang'ana, mphuno ili m'mwamba, madzi akudontha kunyanga. A Fabiano anayesa kunyamula mfuti ndi manja okha, ndipo ndinaona nsonga ija ikuyamba kuvina.

Sindikudziwa kuti nzeruyo inachokera kuti. Ndinapita kutsogolo kwawo, ndinagwada bondo limodzi, ndinagwira thanthwe ndi manja onse, n'kudzigunda paphewa la kumanja. Ndinamva akupuma kumbuyo kwanga, akuzengereza. Kenaka chitsulo chozizira chinatsamira paphewa panga, pafupi ndi tsaya. Ndinatsinzina. Ndinkafuna kupemphera koma mawu onse anathawa, ndinangogwira mpweya kuti ndisagwedezeke.

Aliyense amene ankati mfutiyo inkalira ngati mbuzi ya chimfine akanabwera adzagwade pamene ndinagwada ine. Mutu wanga unachita ngati wang'ambika. Nditatsegula maso panali utsi wokhawokha, ndipo utsi utapungula ndinaona nsenjere zikugwa, njati ikuthamangira kumtsinje. Inafika m'madzi, miyendo yakutsogolo inapindika, inagona chammbali. Inayesa kudzuka, inalephera. Ndinacheuka. A Fabiano anali chiimire, sanagwe, mkono ukugwira ntchito, akulowetsa chipolopolo china. Milomo yawo inkayenda, akundiuza zinazake, koma ine ndinkangomva kulira kwa nyenje m'mutu.

Mfuti inakhalabe m'nyumba mwathu, ifenso tinakhalabe m'nyumbamo. Kamfuno anabwera kudzaona njatiyo, anainunkhiza monga mwa chizolowezi chake, n'kulamula kuti nyama igawidwe kwa antchito onse. A Teleza anali oyamba kufika ndi dengu. A Fabiano anagwirabe ntchito ya ulenje zaka zambiri ndi wonga wawo wochepawo, mtovu ndikuthira ine, ndipo mtengo wamphanda anaukhomera msomali kunsi kuti usatererenso. Nyenje zija zinasiya kulira patapita masabata angapo. Khutu lamanzere linatseguka. La kumanja linafa mpaka lero.

Za khutulo sananenepo kanthu, ngakhale liwu limodzi. Ndinakwiya nazo, chifukwa ngakhale munthu akakuponda phazi pamsika amati pepani. Chimene anachita n'kusintha pokhala. Pakhonde, kutchalitchi, panjira yopita kumsika wa Masambanjati, nthawi zonse ankakhala kumanja kwanga, mbali ya khutu lakufalo.

"Bambo a Leah, mukudziwa kuti uko sindimva. Bwerani mbali ino."

"Kuno n'kumene kuli mthunzi," ankatero, ngakhale kunja kuli mitambo.

Nthawi zina ndinkaona m'mbali mwa diso ndevu zawo zikugwedera, ngati munthu amene akulankhula chamumtima. Ndikacheuka ankasiya, n'kuyamba kukanda chibwano. Ndinkati ndi ukalamba, munthu wayamba kulankhula yekha.

Panapita zaka, Leah anakwatiwa, imvi zinatimera tonse. Madzulo ena dzuwa lisanalowe tinali pakhonde, ine ndikusenda nandolo m'lichero, iwo ali kumanja kwanga monga mwa masiku onse. Nandolo mmodzi anadumpha n'kugwera pafupi ndi phazi lawo. Ndinapendeka kuti ndimutole, khutu lamoyo linatembenukira kwa iwo, ndipo iwo sanaone chifukwa maso anali kumapiri.

"Anesi, iwe Anesi wanga," ankatero motsitsa, dzina limene anali asananditchule chibadwire ana. "Nyumba ino tikukhalamo chifukwa cha khutu lako. Pepa, wamva? Ndikanakhala kuti ine popanda iwe, mkazi wamkamwa iwe."

Mawuwo ankatuluka mosakhumudwa, ngati pemphero limene munthu walinena kambirimbiri. Nandolo uja ndinamusiya pansi pomwepo. Ndinawongoka pang'onopang'ono, ndinawapatsanso khutu lakufalo, ndipo ndinapitiriza kusenda kuti amalize zimene ankanena.