Geti Loyang'ana kwa Zainab

Aziza anapeza mng'ono wake Zainab ataima pakhomo, manja ali m'chiuno, akuyang'anira mmisiri amene ankasalaza simenti pakhonde latsopano.

"Mwafika bwino achemwali," anatero Zainab. "Taonani, apa pakhala mabenchi awiri, apo chiwaya. Munthu akatuluka m'sitolo, fungo la samusa lizimukoka lokha."

"Sitoloyo ngakhale njerwa imodzi sinayalidwe, iwe wayamba kale kukazinga?"

"Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, achemwali."

Aziza anaseka ndi mano okha.

Nyumba za abale awiriwa zinali mbali ziwiri za bwalo lalikulu lomwe kale anthu ankayanikapo mpunga, pafupi ndi msewu wa tala wopita ku Dwangwa. Bwalolo linagulidwa ndi wamalonda wina wa ku Lilongwe, amene ankafuna kumangapo sitolo yaikulu, ija munthu amadzitengera yekha katundu m'mashelefu. Pulani yake inapachikidwa ku khonsolo kuti oyandikana nawo aione isanavomerezedwe, ndipo Aziza anakaiona ndi maso ake. Geti la sitoloyo linayang'ana kanjira ka kwa Zainab, khomo ndi khomo. Kwa Aziza kunagwera kumbuyo: khoma lalitali, dzala la zinyalala, ndi kanyumba ka jenereta pafupi ndi windo la kuchipinda.

Chimene chinkamuwawa kwambiri sichinali khomalo. Ndi iye amene analera Zainab mayi awo atamwalira, ndi iyenso amene anamuphunzitsa kupinda samusa kuti asaphulike m'mafuta. Koma mwanayu zinthu zinkangomutsata ngati nkhuku zoona madeya. Mwamuna anapeza wa muofesi, malata anafolera atsopano, ndipo tsopano ngakhale sitolo ya mlendo inatembenukira kwa iye, n'kumulozetsa mkulu wake nkhongo.

Tsiku la msonkhano womva maganizo a anthu pa pulaniyo, mwamuna wa Aziza, Hamza, anamuimitsa pakhomo asananyamuke kupita kodula nzimbe.

"Mayi a Laila, mukanene za jenereta. Mwana wathuyu ndi mphumu yake sangagone mu utsi wa dizilo. Ndikanapita ndekha, koma kapitawo sangandilole."

"Ndamva."

"Za khonde la alamu zisiyeni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Ndati ndamva, bambo a Laila."

Holo ya khonsolo inadzaza. Kutsogolo kunakhala a komiti yoona mapulani, pakati pawo mayi Tabitha, amene ankatsogolera zokambirana. Wojambula pulani anafotokoza zake akuloza pepala lalikulu ndi ndodo. Atatha, mayi Tabitha anati popeza anthu achuluka, aliyense ayankhule kamodzi, nkhani imodzi. Mkulu wina anadandaula za madzi a padenga, kuti dzinja likafika adzathamangira m'nyumba za anthu. Wina anafunsa za malole obwera ndi katundu.

Aziza anakweza mkono mawu a jenereta ali kale pakamwa. Poimirira, maso ake anagwa pa Zainab, amene anakhala kutsogolo atafunda mpango watsopano wobiriwira. Amayi awiri ankamugwira paphewa n'kumamunong'oneza, "Abwana a samusa, musadzatiiwale," iye akuseka chobisa nkhope.

"Ine nkhawa yanga ndi geti," Aziza anadzimva akutero. "Kanjira kamene layang'anako n'kopapatiza. M'menemo ndi mmene ana athu amadutsa popita ku madrasa. Mukabweretsamo magalimoto ndi njinga zamoto za kabaza, anawo aziuluka? Kapena tidikire mpaka wina agundidwe?"

Anthu anang'ung'udza movomereza. Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinatuluka mosavuta. Mayi Tabitha anafunsa wojambula uja ngati geti lingathe kuyang'ana kumsewu wa tala. Bamboyo anayang'anitsitsa pepala lake, nati n'zotheka, kungoti mbali ya kanjirayo idzatsekedwa ndi khoma.

Aziza anakhala pansi. Kwa kanthawi anamva kukoma, ngati munthu amene wakanda pomwe pamamuyabwa kalekale.

Kenako Zainab anaimirira. Kuseka kuja kunali kutamuthera.

"Ine sindinabwerere za geti," anatero. "Ndinabwera kudzanena za jenereta. Mwaiika pawindo la achemwali angawa, ndipo m'chipindamo mumagona mwana wa mphumu. Ndinamuonapo mwanayo akubanika mpaka milomo kuda. Chonde, isunthireni kwina."

Anakhala pansi osayang'ana mbali iliyonse.

A komiti anakambirana pang'ono, kenako mayi Tabitha analengeza kuti pulani ibwerere kwa mwini wake ikakonzedwe: akumbe ngalande ya madzi, geti liyang'ane kumsewu, jenereta ndi dzala zipite kumbali kopanda nyumba.

Potuluka, amayi anamuzungulira Zainab. "Mwana uyu ali ndi imani, mtima woopa Mulungu," anatero wina. "Zake zapita, koma iye akulirira za m'bale wake." Aziza anamva mawuwo ali pamakwerero. Ngakhale pa kukoma mtima, mng'ono wake anamuposa, pamaso pa holo yonse.

Zainab anamupeza pansi pa mtengo wa mango, pamene ankadikira njinga.

"Za ana mwanena zoona, achemwali," anatero motsitsa mawu. "Koma tsiku lija munandipeza simenti ikadali yaiwisi. Bwanji simunandiuze pamenepo?"

Aziza anayamba kukonza mpango wake, umene unali bwinobwino. Njinga itafika, anakwera.

Madzulo ake Hamza anamva nkhani yonse kwa anzake asanalowe n'komwe m'nyumba. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndiye akanapanda kuimirira alamu, Laila akanamunenera ndani?"

Sabata yotsatira Aziza anapita yekha ku khonsolo, nakapempha kuonana ndi mayi Tabitha. Anazungulira ndi mawu, kenako anafunsa ngati geti lingabwerere pomwe linali poyamba.

"Koma mayi, munatithandiza," anatero mayi Tabitha. "Tinapita kukakaona kanjirako. Galimoto ndi mwana sangapatukirane m'menemo. Mukufuna ndikauze komiti kuti tibweze geti chifukwa chiyani?"

Aziza anayang'ana pansi. Chifukwa anali nacho, koma sichinali chonenera mu ofesi.

Sitolo inamangidwa m'chilimwe, ndipo mvula isanagwe inatsegulidwa. Kutsogolo kwa nyumba ya Zainab kunaima khoma loyera lopanda ngakhale kawindo. Pakhonde la simenti paja anayamba kuyanikapo chinangwa cha kondowole. Samusa ankakazinga kuseri kwa nyumba, n'kuwasenza m'beseni kupita kugeti la kumsewu, kumene ankalimbirana malo ndi amayi ena ambiri a mandasi ndi zitumbuwa, padzuwa ndi pafumbi la malole.

Njira yachidule yopita kumeneko inkadutsa pakhomo pa Aziza. M'mawa uliwonse Aziza, akusesa pakhomo, ankamva mapazi ake akubwera, ndipo kangapo anaganiza zolowa m'nyumba, koma tsache linkamukanirira m'manja.

"Mwadzuka bwanji achemwali?" Zainab ankatero, beseni lili pamutu, osaima. "Laila wagona bwino?"

"Wagona bwino," Aziza ankayankha.

Ndipo zinali zoona. Mwanayo ankagona bwino ndithu.