Dirowa Yapansi

Kalavani ija, kanyumba kogonamo kokoka ndi galimoto, anaikhoma Bambo ndi manja awo mu 1974, m'galaja yathu ya ku Sale, koma amene anaiukitsa itafa ndine. Zimenezo zimveke kaye. Zaka zisanu ndi chimodzi Loweruka langa lililonse linkathera momwemo, ndikupala penti yakale, kuchotsa matabwa ofumbwa, kusoka makatani achikasu. Chikhadabo cha chala changa chachikulu chinathothokera pa ntchito imeneyo ndipo mpaka lero sichinamere bwino. Mchimwene wanga Rohan, amene ndimamuposa ndi zaka zisanu ndi zinayi, anabwerako kamodzi, anagwira hamala mphindi khumi, kenako akuti msana.

Ndiye mkazi wake Tamsin anabereka Nell.

Pa Khirisimasi, tili pa tebulo, mbale za nkhanu zisanachoke n'komwe, Bambo anagogoda tambula ndi foloko.

"Kalavani imapita komwe kuli mwana," anatero. "Ndinaikhomera zimenezo."

"Bambo, mwana wa miyezi inayi akudziwa chiyani za kalavani?" ndinafunsa.

"Tiona. Apite nayo kunyanja ku Mallacoota sabata yamawa. Mwana akaikonda, ndi yawo. Akaikana, ibwerere kwa iwe, ndipo sindidzalankhulanso. Iwe Glenys upite nawo, ukawaonetse zonse." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Zonse, wamva?"

Ndinamva. Ndinaonanso pa windo kuti Rohan anali atamangitsa kale chokokera kumbuyo kwa galimoto yake, chatsopano, chonyezimira. Ndiye kuti nkhaniyi anaikambirana kale ine kulibe.

Popita ndinaikoka ndine, ngati kale lonse, chifukwa Rohan sadziwa kubwerera m'mbuyo ndi ngolo. Ulendo wonsewo ndinkangoyang'ana pa galasi, kuona nkhope yozungulira ya kalavaniyo ikunditsatira. M'banja mwathu munalibe wina amene anaiyendetsapo kuyambira pamene maso a Bambo anayamba kufooka. Titafika pa malo ogona a m'mbali mwa nyanja ndinailowetsa pa malo athu ulendo umodzi wokha, anthu okhala pa mipando yawo ndi mabotolo m'manja n'kuwomba m'manja. Mkulu wina wa tenti yoyandikana nafe, a Merv, anabwera kudzaisisita.

"Mayi, ya chaka chanji imeneyi? Koma ndiye mwaisamala!"

"Ndi ya m'banja mwathu," anayankha Tamsin ndisanatsegule pakamwa, mwana ali pa phewa. "Agogo ake a uyu ndi amene anaikhoma."

Ya m'banja mwathu! Munthu wabwera dzana, sadziwa ngakhale pamene pali mpopi wa madzi. Ndinatenga tenti yanga n'kukaikhoma panja, pafupi ndi mtengo, pamene iwo ankayala nsalu zawo pa bedi limene ndinasokera ndekha matiresi.

Ndinene zoona, popeza ndayamba. Ndinkafuna kuti mwanayo alire. Zakhali wake weniweni, mlongo wa bambo ake, ndinakhala pakhomo pa tenti ndikumvetsera ngati munthu wodikira mvula.

Ndipo analira. Kabedi kopinda kamene anagula sikanakwane pakati pa bedi ndi sinki. Anamugoneka pa bedi lalikulu, koma kalavani yamatabwa imagwedera munthu akangoponda, ndipo bedilo lili kumbuyo kwenikweni, kumene kugwedera kumafika mwamphamvu. Rohan akangolowa kudzatenga supuni, Nell dzambatu, kukamwa yasa. Masana denga limatentha ngati chiwaya, kutenthako n'kumatsikira pa bedi pomwepo. Anayesa kumubereka, kumuyimbira, kumuyendetsa pa galimoto mpaka ku doko n'kubwerera. Ankagona m'galimoto, akangomulowetsa m'kalavani n'kuyambiranso.

"Kamwana kameneka kali ndi mapapo," anatero a Merv tsiku lachiwiri, akutembenuza soseji. "Mbalame zonse zasamuka, zati sitingapikisane nako."

Ndinaseka kuposa mmene nthabwalayo inkayenerera. Walira mvula walira matope, ndinatero mumtima.

Mankhwala ake ndinkawadziwa, ndipo ndi zimene Bambo ankatanthauza ponena kuti zonse. Pansi pa kabati ya zovala pali dirowa yaitali, yakuya, imene Bambo anaikhoma dala pamwamba penipeni pa matayala, pamene kalavani sigwedera ngakhale mutavina. Ili pafupi ndi pansi, pozizira, ndipo m'mbali mwake anaboola timabowo ta mpweya. Mukaikoka yonse imasanduka kabedi. Ine ndinagonamo. Rohan anagonamo, ineyo ndikumuingitsira ntchentche, koma iye angakumbukire bwanji? Amayi, amene akanamuuza, anatisiya kalekale.

Rohan anaigwirapo dirowayo m'mawa wa tsiku lachiwiri lomwelo, akufuna poika matewera.

"Achemwali, iyi sitseguka?"

"Inatupa ndi chinyezi," ndinatero. "Isiye, uthyola chogwirira."

Sinatupe ndi chinyezi. Ndinaikhoma ndekha ndi misomali iwiri mu 2014. Chaka chimenecho ndinali ndi pakati, ndipo ndinayamba kukonza kalavani ndi dirowa imeneyo, zina zonse zisanakhudzidwe. Ndinaipala, ndinaipaka vanishi, ndinasoka kamatiresi kokwana ndendende. Mimbayo inachoka ili ndi miyezi isanu. Mwamuna amene ndinali naye anachokanso chaka chisanathe. Ndinakhoma dirowa n'kupitiriza kukonza zotsalazo, chifukwa manja anafunika chochita. Rohan nthawi imeneyo anali kutali ku Darwin, ndipo zimene anamva ndi zoti achemwali anadwala pang'ono.

Ndiye musandiuze kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndinkamuona Tamsin akuyamwitsa pa sitepe ya kalavani yanga, tsitsi lili nyankhalala, maso ofiira ndi tulo, ndipo ndinkasirira ngakhale kutopa kwakeko. Iye anali ndi mwana, anali ndi mwamuna womuwiritsira tiyi, tsopano amafunanso chinthu chimodzi chokha chimene ine ndinatsala nacho. Nsanje inandidya mpaka nsomba ndi tchipisi zimene Rohan anagula sindinazimve kukoma.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, Tamsin anabwera ku tenti yanga. Nell anali atalira mpaka mawu kusasa, pakhosi pake patatuluka tizilonda ta thukuta.

"Alamu, mwapambana," anatero, osakwiya, ngati munthu amene mphamvu zokwiyira zamuthera. "Tikubwerera lero. Kalavani ndi yanu. Ndigwirireniko mwanayu ndikasambe, masiku awiri sindinathire madzi m'thupi."

Anandipatsa mwana n'kunyamuka ndi thaulo, mapatapata akulira pa miyala.

Ndinapambanadi. Ndinayembekezera kuti mtima uvina, koma unangoti zii. Kamwanako kanali kotentha, konyowa, kakulira mwa kupuma chabe, ndipo kanagwira chala changa chopanda chikhadabo chija n'kuchifinya. Ndinalowa nako m'kalavani kuthawa dzuwa. Rohan anali m'katimo akuponya zovala m'zikwama.

"Bambo amangokamba nthano," anatero osandiyang'ana. "Akuti tonse tinakulira muno. Bodza lenileni. Chibokosi ichi n'chongojambulitsa zithunzi, achemwali. Palibe mwana angagone m'chikhola cha nkhuku chotere."

"Wati chiyani?"

"Ndati chikhola cha nkhuku. Tengani, muzikaonetsa kwa azigogo anzanu a Merv."

Ndikanakonda kunena kuti chifundo ndi chimene chinandigwira. Mwina chinalipo pang'ono, pa chala chija. Koma chimene ndinamva ine ndi magazi kuwira. Munthu amene anagwira hamala mphindi khumi, kunyoza kalavani ya Bambo, kalavani yanga, imene inamulera iye yemwe ali kofiira ngati mbewa!

"Gwira mwana wako," ndinatero. "Gwira! Ndipatse hamala, ili pansi pa sinki. Iwe sudziwa n'komwe pamene imakhala."

Ndinagwada. Msomali woyamba unatuluka mosavuta, wachiwiri unalira ngati ukukana. Ndinakoka dirowa, inabwera myaa, ngati ndinaitseka dzulo. Kamatiresi kanali momwemo, kachikasu, nsalu imodzimodzi ndi makatani, kakununkhira vanishi. Ndinakakung'untha, ndinayalapo kansalu koyera, ndinalanda mwana m'manja mwa bambo ake n'kumugoneka chagada.

"Tsopano dumpha," ndinamuuza Rohan. "Dumpha, ndati! Vina ngati ukufuna."

Anapondaponda monyinyirika. Makapu analira m'kabati, bedi linagwedera, dirowa sinasunthe. Nell anasisima kawiri, anayang'ana denga, anatembenuzira mutu ku timabowo kumene kunkalowa kamphepo ka kunyanja. Zikope zinalemera. Mphindi zisanu zisanathe anali atagona, manja ali m'mwamba ngati wogonja.

"Chikhola cha nkhuku," ndinanong'ona, ndikumuyang'ana Rohan m'maso. Apo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita.

Tamsin anaima pakhomo, tsitsi likudontha. Anayang'ana mwana, anayang'ana misomali iwiri yopindika pansi, kenako kamatiresi ndi makatani. Mkazi mnzako sumunamiza pa zinthu zotere. Anagwada pambali panga mwakachetechete, ndipo maso ake anagwera pa thabwa la m'kati mwa dirowa, pamene Bambo ankalemba ndi pensulo dzina la mwana aliyense akagonamo koyamba. Glenys, 1979. Rohan, 1988. Pansi pake panali mzere wachitatu, wolembedwa ndi dzanja langa, chaka chokha, 2014, kutsogolo kwake kulibe dzina.

"Chimenechi n'chiyani?" anafunsa Rohan. "Ndani anabadwa 2014?"

"Iwe, tatuluka," anatero mkazi wake. "Kawiritse madzi a tiyi kwa a Merv. Pita."

Atatuluka, Tamsin anati, "Alamu, sindimadziwa. Tidzawauza Bambo kuti mwana anaikana. Palibe adzadziwe."

Ndinamuda kwambiri pa mphindi imeneyo kuposa masiku onse atatu aja, chifukwa anali ndi zonse, tsopano analinso ndi mtima wabwino. Koma Nell ankapuma pang'onopang'ono pa kamatiresi kamene kanadikira zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kanamukwana ndendende.

"Bambo sanamizidwa," ndinatero. "Ndipatse pensulo, ili m'kabati ya masupuni."

Sindinafufute kanthu. Ndinasiya mzere wachitatu mmene unalili, n'kulemba pansi pake: Nell, 2023. N anapindika.

Tinakhala sabata yonse. Mwana ankagona ngati mwala, a Merv anati mbalame zabwerera. Ndinawaonetsa zonse: mmene amatsekera gasi, windo limene limafuna kulimenya ndi chigongono, tayala limene limaphwa msanga. Sindinawaonetse mokoma mtima, ndipo Rohan ndinamutukwana kawiri pomuphunzitsa kubwerera m'mbuyo.

Tsiku lobwerera Rohan anamangirira kalavani ku chokokera chake chonyezimira chija. Ine ndinatsatira pambuyo, galimoto yanga ili yopepuka ngati yaiwala kanthu, ndipo ndinkangoyang'anabe pa galasi mwachizolowezi n'kupezamo msewu wokhawokha. Zaka zonsezi ndinkaidziwa nkhope ya kalavaniyo. Kumbuyo kwake pa msewu ndinali ndisanakuonepo. Katani la windo lakumbuyo linali litapendekeka mbali imodzi, mpendero wake ndinausoka mokhota ine mwini, ndipo makilomita mazana atatu ndinauyang'ana ukundigwedezera, popanda njira yoti ndiuwongole.