Mizere pa Nkhope ya Vainess

A Obadiya anakankha chivundikiro cha laputopu pang'ono, n'kuchibwezanso, koma mizere yobiriwira ija sinachoke. Inadutsa pankhope pa mkazi wawo kuyambira pamphumi mpaka pachibwano, kenako sikirini yonse inaphethira n'kuda bii. Panatsala mawu okha: amayi a Chigwirizano akuimba, ndipo pamwamba pa onsewo, mawu a Vainess.

Vainess anamwalira chaka chapitacho, nyengo yothyola fodya. Kanemayo anajambula ndi mwana wawo Gladson pa msonkhano wa amayi kutchalitchi kwawo, asanapite ku Joni. Foni imene anajambulirayo inabedwa komweko, choncho kanemayo anatsala mu laputopu mokhamo, imene Gladson anawasiyira bambo ake. M'mawa uliwonse akabwera kuchokera kumunda, a Obadiya ankasamba m'manja, n'kukhala pakhonde, n'kuitsegula. Sankaitana munthu. Inali nthawi yawo awiri.

Vutoli linayamba pang'onopang'ono. Poyamba ankati akapendeketsa chivundikirocho chithunzi chinkabwerera, mpaka anazolowera kuchichirikiza ndi buku la nyimbo. Tsiku limeneli bukulo silinathandize.

Mawa lake anaikulunga m'nsalu n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe, kusitolo imene Gladson anaigula. Wogulitsa anawalandira mwaulemu, koma anawauza chilungamo: nthawi ya waranti, imene sitoloyo imakonza kwaulere, inatha kalekale. Akanatha kuitumiza kuti akasinthe chivundikiro chonse, pamtengo woti mphunzitsi wopuma ntchito ngati iwo aganize kawiri, koma sakanalonjeza kuti zimene zili mkatimo zidzabwera zilipo. Mawu omalizawa ndi amene anawadzutsa a Obadiya pampando. Anathokoza, n'kuikulunganso.

Pobwerera anatsika pa Namitete kuti apeze kabaza wopita kwawo. Wakabazayo, ataona mmene anafungatira katunduyo, anawafunsa ngati anayamba apitako kwa Ethel, amene amakonza mafoni pafupi ndi ometa tsitsi. A Obadiya anakayika, koma dzuwa linali lidakalipo, ndipo kunyumba kunalibe chowathamangitsa.

Ethel anali mayi wamfupi wovala magalasi awiri, ena pamaso ena pamphumi. Tebulo lake linadzaza mafoni otsegula. Anawapatsa mpando wokhawo umene unalipo, n'kumvetsera nkhani yonse osawadula. Kenako anayatsa laputopuyo, ndipo nyimbo ija inamveka mumdima wa sikirini.

"Mawu akumveka, eti? Ndiye kuti mayi aja alimo, bambo. Sikirini ndi zenera chabe."

A Obadiya anavomera kuti nthawi yonseyi ankaganiza kuti chithunzi chimakhala m'galasimo, ndipo galasi likafa ndiye kuti nachonso chapita. Ethel anati ambiri amaganiza choncho. Anamasula tizitsulo ta m'mphepete, n'kukanganula pulasitiki yozungulira sikiriniyo mosamala ngati akusenda nthochi yakupsa kwambiri. Atatero anawapempha kuti asendere pafupi.

Pamahinjesi, pamene chivundikiro chimapindikira, panadutsa kawaya kakuda kokutidwa ndi kansalu. Kansaluko kanali katatha, ndipo mkati mwake munaoneka timawaya tosaoneka bwino ndi maso, tofanana ndi ndevu za chimanga. Ethel anawabwereka galasi lake lokulitsa zinthu. Tina tinali titaduka, tina tikungogwira ndi m'mphepete.

A Obadiya anayang'ana nthawi yaitali. Anaphunzitsapo ana za magetsi ndi mabatire ndi kababu zaka zambiri, koma izi zinali zina.

"Mukunena kuti nkhope yake yonse, maduku onse aja, mitengo, thambo, zonse zimadutsa m'kaulusi kameneka?"

"Zonse, bambo. Ndipo mukatsegula kapena kutseka kamapindika. Kodi mumaitsegula kawirikawiri?"

"Tsiku ndi tsiku."

"N'chifukwa chake. Za m'maofesi zija zimapumako Lamlungu. Yanuyi mwaigwiritsa ntchito ngati khasu."

A Obadiya anaseka koyamba kuchokera dzulo lake.

Ethel anawafotokozera njira zimene zinalipo. Akanatha kumata pamenepo ndi tepi, koma vutolo likanabwerera mvula isanagwe. Akanatha kusintha sikirini yonse, koma kumeneko kukanakhala kutaya chinthu chamoyo, poti galasilo linalibe vuto. Chanzeru chinali kufufuza waya wofanana naye, watsopano kapena wochotsa pa laputopu yakufa ya mtundu womwewo, ngakhale kuti zikanatenga nthawi. Podikira, anati, laputopuyo ikanatha kuonetsa zinthu pa wailesi ya kanema. Pakhoma panali ina yaikulu imene anali atangomaliza kukonza, mwini wake asanabwere kudzaitenga. Analumikiza waya wonenepa pakati pa ziwirizo n'kudina batani.

Vainess anatulukira pakhomapo, wamkulu ngati munthu wamoyo.

A Obadiya anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anaona mpata wa mano ake, thukuta lonyezimira pansi pa duku loyera, ndi kachipsera ka pamkono kamene anapsa ndi mafuta chaka chimene Gladson anabadwa. Pa sikirini yaing'ono ija zonsezi sizinkaoneka. Anavula chipewa osadziwa kuti wavula.

Nyimbo itafika ndime yachiwiri, Vainess anatembenukira kumanzere n'kumwetulira, akupukusa mutu. Malo amenewa a Obadiya ankawadziwa bwino, ndipo ankaganiza kuti ankayang'ana mtsogoleri wa nyimbo. Koma tsopano, chakumapeto kwa chithunzicho, pansi pa mtengo wa m'bawa, anaona mwamuna atatsamira njinga, akumenya chipewa pantchafu motsatira nyimbo. Ankamenya molakwika, mochedwa pang'ono. Anali iwo eni. Ndipo dzanja la Vainess, m'munsi mwa malaya ake oyera, linkagunda pambali pang'onopang'ono, kuwasonyeza kamenyedwe koyenera.

"Ankandiseka ine," anatero a Obadiya motsitsa mawu. "Chaka chonsechi ndimaonera, osadziwa kuti akundiyang'ana."

Ethel anangokweza mawu a wailesiyo pang'ono.

Nyimboyo inatulukira pakhomo mpaka kumsewu. Wometa tsitsi anasiya mutu wa munthu uli pakati n'kudzasuzumira, nayenso wometedwayo anatsatira nsalu ili m'khosi. Wakabaza uja anazimitsa njinga yake. Onse anaima pakhomopo ngati afika mochedwa kutchalitchi ndipo akudikira pemphero lithe.

Pambuyo pawo panabwera mayi wina, Elube, amene ankagulitsa mtedza wophika pasiteji ya minibasi. Anayamba kung'ung'udza nyimboyo, kenako anasiya mwadzidzidzi. Anatsitsa beseni pansi, n'kudutsa pakati pa amuna aja mpaka kufika pafupi ndi khomalo. Analoza mzere wachiwiri, kumbuyo kwa phewa la Vainess, pamene panaima mayi wokalamba wamtali akuimba atatsinzina.

"Awa ndi amayi anga," anatero.

A Obadiya anawazindikira. Anali mayi aja ankakhala kutsidya kwa dambo, amene ankafika kutchalitchi nsapato zili m'manja n'kuzivalira pakhomo. Anafunsa ngati ali bwino. Elube anati anawaika m'manda mwezi wa Juni, ndipo m'nyumba mwawo munalibe ngakhale chithunzi chimodzi. Ana ake ang'onoang'ono anali atayamba kale kufunsa kuti agogo ankaoneka bwanji.

Kanemayo anatha, ndipo wailesiyo inangotsala yobiriwira. A Obadiya anayamba kuwerenga mumtima nkhope zimene anaziona m'mizere ija. Ena anali moyo, ena anatsogola. Aliyense anali ndi ake. Iwo anali atawatsekera onsewo pakhonde pawo, n'kumayang'ana mmodzi yekha.

Anamuuza Ethel kuti afufuze wayayo, ndipo adikira ngakhale zitenge nthawi yaitali bwanji. Anafunsanso ngati kanemayo angathe kukhala malo oposa amodzi. Ethel anati angathe kuikidwa pafulashi ndi m'mafoni ambiri mmene angafunire, osachepa kapena kufwifwa. A Obadiya anapukusa mutu modabwa, n'kunena kuti ayambe ndi foni ya Elube, ndipo fulashi akaipereka kwa mtsogoleri wa Chigwirizano kuti amayi akaonere limodzi tsiku la msonkhano wawo.

Elube anali ataimabe pomwepo, chala chili m'mwamba. A Obadiya anadzuka, n'kukokera mpando uja pafupi ndi khomalo.

"Khalani apa, mayi," anatero. Kenako anatembenukira kwa Ethel. "Tayambitsaninso."