Fumbi la Pachigayo

Malipiro a mayi wosesa pachigayo sanali ndalama. Ufa wogwera pansi ndiwo unali wake. Ankausesa, kuusefa, n'kukaphikira phala ana ake awiri. Umphawi unalipo, koma mphika unkakhala pamoto.

Kenako chimanga chinakwera mtengo, ndipo anthu anasanduka nkhuku. Aliyense wodzagayitsa ankayala nsalu pansi pa makina, kugogoda thumba, kutola ngakhale njere yogwera pakhomo. Kotsala pansiko mwini chigayo anati azigulitsa kwa oweta nkhumba. Nkhumba! Ine zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

"Inu muzisesabe, mayi. Mitengo ikatsika tidzaonana," anatero bwanayo.

Koma "tidzaonana" salowa mumphika. Mayiyu anazindikira chinthu chimodzi: fumbi la ufa louluka m'chigayomo linalibe mwini, ndipo linkatera pa iye. M'mawa mwake anabwera atavala juzi yaubweya, nsalu ziwiri ndi duku lalikulu, dzuwa likuswa mtengo. Ankaima pomwe fumbi likufuka kwambiri, akutsokomola, maso ali psuu.

"Mayi, ndi malungo kapena mukusamuka?" ankamuseka woyendetsa makina.

Kunyumba mwana wamkulu ankadikira ndi beseni. Ankatseka zenera, kukutumulira zovalazo m'menemo mosamala, n'kupeza ufa wodzaza manja awiri. Phala lake linali lamadzimadzi, lonunkha thukuta, koma wamng'ono ankagona osalira.

Zinayenda choncho mpaka tsiku lina bwana anamuona akutuluka ali mbuu, akuyenda pang'onopang'ono ngati wasenza mazira.

"Mayi, taimani. Ufa umenewo ndi wa ndani?"

"Ndi fumbi chabe, bwana."

"Fumbi la m'chigayo changa. Kutumulani pompano."

Mayiyo anagwada, anatchula ana, analira, koma bwana anayala yekha thumba pansi. Mayiyo anavula duku, juzi, nsalu yapamwamba, n'kukutumula chimodzichimodzi. Anthu a pamzere anayang'ana kumbali ndi manyazi, aliyense atakumbatira kathumba kake.

Njira yonse yobwerera kunyumba mayiyo ankadzisisita m'tsitsi ndi m'khosi, osapeza kanthu. Atafika, mwana anali kale pakhomo ndi beseni, madzi akuwira pamoto. Anawayang'ana amake kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amayi, mwasambiranji?"