Tsache la Achimwene Elton

Achimwene anga a Elton anagunda geti la munthu ku Hatfield, kuno ku Joni, ataledzera, pa galimoto ya abwana awo. Khoti linawagamula miyezi isanu ndi umodzi kundende, koma loya analankhulalankhula mpaka chilango chinasinthidwa: azikasesa pa renki ya mathekisi m'tauni Loweruka lililonse. Wina akanagwada n'kuthokoza Mulungu. Iwo anabwera kukachipinda kathu ku Sunnyside atakwinya nkhope, ati munthu wovala tayi kutchalitchi sangagwire tsache anthu akuona.

Kwathu ku Ntcheu ukalephera kupita kuntchito ya chitukuko umatuma m'bale, dzina lako n'kuchongedwa. Achimwene ankayesa Joni ndi Ntcheu. Anauza mwamuna wanga, Yobu, kuti azikasesa m'malo mwawo, poti woyang'anira amangoitana dzina, nkhope alibe nazo ntchito. Ine ndinakana. Ndinawakumbutsa kuti pasipoti ya Yobu inatha kalekale, ndipo m'tauni apolisi amafunsa mapepala ngati moni. Koma Yobu sakanira alamu ake kanthu, amati popanda iwo sakanaponda kuno.

Anasesa masabata atatu, akaitana Elton iye n'kuvomera, n'kusayina m'kaundula. Eni dzinawo nthawi imeneyo ali pa nyama yowotcha, akutumiza zithunzi pa foni.

Loweruka lachinayi apolisi anazinga renki yonse. Yobu anavula msanga chovala cha osesa, kuopa kuti alamu ake angaululike, ndipo sanatchule munthu. Ulemu wopusa ngati umenewo sindinauonepo. Apolisiwo anamukweza m'galimoto pamodzi ndi ena oti abwezedwe kwawo.

Nkhaniyi ndinamva kwa Anifa, mayi wogulitsa matimati pa renkipo. Ndinalira, koma mkwiyo unaposa kulirako. Masana omwewo achimwene anatulukira, nsapato zili pheni, n'kukhala pampando osalonjeredwa. Ndinadikira kuti afunse kumene mlamu wawo amutengera, kaya wadya, kaya ali ndi juzi.

"Eish, chemwali, zavuta," anatero. "Ndiye amugwira atasayina kapena asanasayine? Chifukwa tsiku la lero likapanda kulowa, ine ndili m'madzi."

Ndinawayankha kuti sindikudziwa. Anapukusa mutu ngati olakwiridwa ndi iwo, n'kumwa madzi amene sindinawapatse. Kenako anatsitsa mawu, n'kundifunsa ngati Robert, neba wathu wa m'chipinda chinacho, amagwira ntchito Loweruka.