Apongozi pa bedi la mayeso

M'kalasi mwathu munalibe wondiposa pa phunziro la kusamalira wodwala mwaumunthu. Ine Venansio ndinkadziwa zonse pamtima: mupatseni moni, muyang'aneni m'maso, mugwireni paphewa. Ndinkayeserera kumwetulira pagalasi kwathu ku Ndirande mpaka masaya kuwawa, ndipo anzanga ankanditcha Bambo Chifundo. Ndinkayankha, osadziwa kuti akundinena.

Mayeso omaliza a unamwino anali otsuka chilonda pamaso pa Sisitala Constance, mayi wosaseka ndi munthu. Wolephera amadikira chaka china. Ine kudikira sindikanatha, chifukwa chinkhoswe changa ndi Modesta wa ku Bangwe chinali chitachitika, ndipo akwawo anati ukwati ubwere ndikayamba ntchito.

Ndinali womaliza kuyesedwa, wodwala woti atsukidwe anatsalanso mmodzi. Ndinakankha katebulo ka zipangizo mwamatama, n'kutsegula katani ndi kumwetulira kwanga kwa pagalasi kuja.

"Mwadzuka bwanji amayi? Ndine Venansio, ndipo lero..."

Dzanja langa linali kale paphewa, maso m'maso, pamene ndinazindikira nkhopeyo. Anali mayi ake a Modesta. Nkhope imeneyi ndinali ndisanaionepo pafupi chotere, poti kwawo ku Nsanje mkamwini ndi apongozi salankhulana moyang'anizana. Tikakumana panjira ku Bangwe, iwo amapatukira kumbali, inenso ndimagwada kumbali ina. Anali atawachita opaleshoni pansi pa mchombo, ndipo iwo analetsa Modesta kundiuza chifukwa anali matenda achizimayi.

Anatembenukira kukhoma msangamsanga. Ine, katswiri wa kalasi yonse, ndinangoti kakasi, dzanja lili m'malere.

"Tikudikira," anatero Sisitala.

"Sisita, awa ndi apongozi anga."

"Kuno kulibe apongozi, kuli mapeshenti. Wina palibe, ndipo ine ndikupita ku Zomba masana ano. Mupanga kapena simupanga?"

Ndinene zoona, ndinavala magolovesi. Mumtima ndinali nditayamba kale kudzikhululukira: ntchito ndi ntchito, ndiyang'ana chilonda chokha, Modesta amvetsa. Mutu wanga umathamanga kwambiri ukafuna kundikomera.

Apongozi analankhula akuyang'anabe khoma, osati kwa ine koma kwa Sisitala.

"Amayi, asalephere chifukwa cha ine. Avutika nayo sukuluyi. Ine ndiphimba kumaso, iwo agwire ntchito yawo."

Anakoka chitenje n'kuphimba mutu wonse. Kenako dzanja lawo linatsika n'kugwira nsonga ya bulangete, kuti andivundukulire okha. Bulangetelo linkawapulumuka, iwo n'kuligwiranso. Pansi pa chitenje ndinamva akupemphera Tikuoneni Maria chapansipansi. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Wodwala ndiye ankandisamalira ine.

Ndinagwada pambali pa bedi, nkhope ndikuilozetsa kukhomo, monga mkamwini.

"Amayi, lisiyeni bulangetelo. Abwera anamwino aakazi."

"Venansio, mukudziwa kuti ukwati wanu mwausuntha chaka chathunthu?" anafunsa Sisitala.

"Ndikudziwa, sisita."

Mawu anatuluka opyapyala ngati a mwana wa kwaya, opanda ungwazi uliwonse. Dzanja la apongozi linasiya bulangete n'kugona phee pachifuwa pawo. Ndinavula magolovesi, ndipo ndinatuluka chafutambuyo ndikuganiza mmene ndikamuuzire Modesta.