Ndowe Zofunda

Pasukulu ya sekondale ya kwathu, mawu akuti njovu ankatanthauzanso bodza. Wina akanena kuti kope lake ladyedwa ndi chiswe, anzake ankangoti, "Imeneyo ndi njovu." Zinayambira pageti. Ana ogonera pasukulu, ambiri a iwo ochokera kumtunda ku Chipata ndi ku Katete, anatopa kumva ana oyendera akunena m'mawa uliwonse kuti achedwa chifukwa njovu zinatseka njira. Ena ankanamadi, sindikana.

Mng'ono wanga Japhet anali mu Giredi 8. Lamulo linali lakuti geti litsekedwe seveni awazi. Wochedwa ankapatsidwa chikwakwa kuti akatchetche kubwalo la mpira anzake akuphunzira, ndipo wochedwa kachitatu ankakumba dzenje la zinyalala lofika m'chiuno. M'nyengo ya mango, pamene njovu zimachoka kupaki kudzagona pafupi ndi midzi, Japhet anachedwa kawiri mlungu umodzi. Tsiku lachitatu ananyamuka kusanayere bwino. Anamupeza amayi ena opita kumadzi, pamene njira imatsikira mukamtsinje kouma. Asikauti oyang'anira nyama atayang'ana mapazi anati inali njovu yaikazi yokhala ndi mwana.

Ine ndinali ku koleji ya aphunzitsi ku Chipata. Ndinabwera kumaliro ndi kachikwama ka zovala za masiku ochepa, ndipo mpaka lero sindinabwerere.

Mlongo wanga Tabeth, wa mu Giredi 11, sanalire kwambiri pamaliropo. Teremu yotsatira anapikisana nawo pa chisankho cha khansolo ya ophunzira.

Pasukulupo panali maboma awiri. Mapulifekiti ankasankhidwa ndi aphunzitsi, ankavala mataye, ndipo ndiwo ankagwira geti. Khansolo inkasankhidwa ndi ana okhaokha: kalasi iliyonse inkatumiza woimira mmodzi, ndipo sukulu yonse inkavotera pulezidenti ndi mlembi. Chimene khansolo yagwirizana chinkapita kwa ahedi, ndipo chikakhala chosafuna ndalama, ahedi ankachilola. Makolo atapita kukadandaula za geti pambuyo pa maliro, anayankhidwa kuti nkhani za ana ziyambire kwa ana, ndiyo demokalase. Tabeth anamva zimenezo, napambana m'kalasi mwake popanda ngakhale kulemba dzina lake pakhoma.

Chimene ankafuna chinali chimodzi: mwana wochedwa chifukwa cha njovu asalangidwe. Pafupifupi theka la oimira makalasi anali oyendera. Akanakhalapo onse, kuphatikiza atsikana awiri ogonera amene anamulonjeza, nkhaniyo ikanadutsa. Vuto linali nthawi. Khansolo inkakumana Lachitatu masana, maphunziro ndi ntchito zapanja zitatha, ndipo imeneyo ndiyo nthawi imene woyendera aliyense wanzeru amakhala ali kale m'njira, kuti awoloke kamtsinje dzuwa lisanapendeke. N'chifukwa chake oyendera ankasankhidwa chaka ndi chaka koma mipando yawo inkakhala yopanda anthu. Tabeth anawapempha mmodzimmodzi kuti Lachitatu limodzi lokha apirire.

Tsikulo amayi ananditulutsira njinga okha. "Ukamudikire pomwepo," anatero. "Usakakhale kumsika."

Ndinayedzamiritsa njinga pathanki ya madzi, pansi pa zenera la labu momwe ankakumanira. Magalasi ena anasweka kalekale ine ndidakali pasukulupo, choncho ndinkamva zonse ndiponso kuona mitu yawo.

Pulezidenti anali Langford, mnyamata wamtali wa ku Chipata, waulemu kwambiri. Kumaliro a Japhet anabwera atavala yunifomu, ndipo anathandiza kunyamula bokosi. Anatsegula ndi pemphero, nawerenga mndandanda wa zokambirana. Choyamba chinali anankafumbwe mu nyemba. Chachiwiri, ndani azisunga rimoti ya wailesi yakanema Loweruka. Kenako masokosi. Nkhani ya geti inali kumapeto.

Tabeth anakweza dzanja. "A Pulezidenti, ndikupempha kuti ya geti ikhale yoyamba. Anzathu ena kwawo ndi kutali."

"Ndikumva, Tabeth," anatero Langford. "Koma nkhani zimatsatana monga zinafikira kwa mlembi. Yanu inafika Lolemba. Ya nyemba yakhala ikudikira kuyambira teremu yatha."

"Anankafumbwe adikira kale, sangafe lero," anatero wina kumbuyo, anthu naseka.

Langford anacheukira kwa Madamu Chulu, mphunzitsi woyang'anira khansolo, amene anakhala pakona akuchonga makope. Anali atangobwera kumene kuchokera ku Kitwe. Sanadzutse mutu. "Boma ndi lanu," anatero. "Ine ndabwera kudzaonerera."

Anayamba ndi nyemba. Anakambirana m'Chingelezi monga malamulo amanenera, koma mtima utatentha anagwera m'Chinyanja. Ana amenewo sankasewera. Nyembazo ankazidya tsiku lililonse ndipo zinkawatsegula m'mimba. Anasankha komiti yokaonana ndi ophika. Pa rimoti anakangana kwambiri kuposa pa nyemba. Mthunzi wa thanki unachoka pamapazi anga n'kuyamba kukwera khoma.

Woyamba kutuluka anali Teddy wa mu Giredi 10, amene kwawo ndi cha ku Nsefu. Anawerama podutsa pa Tabeth, nanong'ona kanthu, ndipo iye anangogwedeza mutu. Kenako atsikana awiri a mu Giredi 9 anapempha kupita kuchimbudzi, atanyamula zikwama zawo. Mmodzi anandiona pathanki.

"Mwaswera bwanji, a Edmund?"

"Ndaswera. Fulumirani, musadzere kumunsi."

Sindinawaimbe mlandu. Akanakhala alongo anga ndikanawakoka ndekha kuwatulutsa m'chipindamo. Pamene masokosi ankatha, oyendera otsala anali Tabeth ndi mnyamata wina amene amakhala kuseri kwa mpanda wa sukulu.

Tabeth anaimirira. Usiku wapitawo ndinamumva akuyeseza mawu ake m'Chingelezi kuseri kwa nkhokwe, koma atanena ziganizo ziwiri anawasiya. Analankhula monga amalankhulira kunyumba. Sanatchule Japhet. Anati mwana akakumana ndi njovu m'njira ayenera kubwerera, kukhala patali, ndi kudikira, ngakhale mpaka teni awazi. Anati chikwakwa chimaphunzitsa ana kuopa geti kuposa nyama. Anapempha kuti wonena kuti wachedwa ndi njovu azingolowa m'kalasi. Mtsikana wina wogonera, Martina, anavomereza kuti nkhaniyo ikambidwe.

Cosmas, pulifekiti wa pageti, ankaloledwa kukhala nawo m'malo mwa mapulifekiti onse. "Tikalola zimenezo," anatero, "mawa aliyense abwera naini awazi atakwera njovu yake."

Anaseka, kenako kusekako kunazima mwadzidzidzi. Cosmas anayang'ana pansi.

"Sindikunena za malemu, Tabeth."

"Nanga mukunena za ndani?"

"Ndikunena za ine. Ndimaima pageti ndekha. Abwera ana makumi awiri, onse akuti njovu. Ena ndawaona ndi maso anga akudya zitumbuwa pamsika. Ndidziwa bwanji? Ndikalowetsa onse, adepyute andivula taye. Ndikapanda kulowetsa, ndine mfiti."

Limenelo linali funso loona. Kenako Maybin wa mu Giredi 12, wa ku Katete, katswiri wa nthabwala, anati, "Azibwera nayo risiti."

"Risiti yanji?"

"Njovu sipita osasiya risiti. Ndowe. Azitola m'pepala la shuga, Cosmas aziona."

Ankaseka ponena, ndipo ena anagunda madesiki. Koma ndinaona nkhope ya Langford ikusintha. Anali ndi mantha oti msonkhano wake utha mokangana, ndipo apa anaona potulukira.

"Dikirani," anatero. "Maganizo amenewa si oipa. Wanena zoona ali ndi umboni, wabodza alibe. Onse awiri athandizika."

Gladys, mlembi, anaika cholembera pansi. "Koma ndowe zili paliponse, a Pulezidenti. Ngakhale kuseri kwa hositelo yathu ziliko za mwezi watha. Munthu akhoza kusunga thumba lonse kunyumba."

"Ndiye zikhale zatsopano," anatero Martina. "Zofunda."

"Cosmas azipisamo chala," anatero Maybin. "Timugulire sopo pa ndalama za khansolo."

"Upisemo ndiwe, mphuno yako ndi yaikulu kale," anatero Cosmas.

Tabeth anali chiimire. Anadikira mpaka phokoso litatsika.

"Inu a Maybin, ndowe zofunda zimapezeka kuti?"

"Pamene padutsa njovu."

"Zimapezeka pamene njovu ili. Zikayenda pagulu, yotsalira m'mbuyo imakhala yokhala ndi mwana, chifukwa mwana amachedwa. Simuiona. Imaima m'tchire phee, ngati chulu. Mukufuna mwana wa Giredi 8 apite akawerame pamenepo."

"Palibe akukakamizidwa," anatero Langford mofatsa. "Wosafuna atenge chikwakwa monga lero. Tangowonjezera khomo pamene panalibe khomo. Lero mulibe chilichonse, Tabeth."

"Ndiye nkhani yanga ndaibweza. Iwalani kuti ndinabwera nayo."

Langford anaoneka womva chisoni ndithu. "Siingabwezedwe. Ikavomerezedwa ndi munthu wachiwiri imakhala ya nyumba yonse. Munalumbira pa malamulo omwewa."

Ndinagwira chitsulo cha pazenera. Ndikanatha kulankhula. Koma ndikanalankhula ngati ndani? Sindinali mwana wasukulu, sindinali kholo, ndipo uphunzitsi ndinausiya panjira. Malamulo a khansolo ndinkawadziwa bwino: mlendo alibe pakamwa.

Anavota pokweza manja. Atsikana awiri amene analonjeza Tabeth anakweza awo msanga, akumumwetulira, pokhulupirira kuti akusunga lonjezo. Otsutsa anali Tabeth ndi mnyamata wa kuseri kwa mpanda uja basi, ndipo lamulo la ndowe zofunda linadutsa. Maybin anapempha kuti lizitchedwa Lamulo la Japhet, ndipo apa sankaseka. Anawomba m'manja mwaulemu, monga amachitira kutchalitchi.

Madamu Chulu anatseka kope lomaliza. "Mwamaliza? Mwachita bwino, lero simunatukwanane. Wina azimitse magetsi."

Pakhomo Langford anagwira Tabeth dzanja ndi manja awiri. "Si zonse zimene munkafuna," anatero, "koma ndi poyambira."

Tinadzera njira ya kumtunda, yotalika, yodutsa m'minda ya thonje. Dzuwa linali litafiira. Tabeth anakhala pakaliya chammbali, atagwira malaya anga ndi dzanja limodzi. Kunyumba za asikauti ana ankasewera mpira wa mapepala, ndipo mayi wina anatikuwira kuti tisachedwe, njovu zamveka cha kudambo.

"Munamva zonse?" anafunsa Tabeth titadutsa.

"Ndinamva."

"Ndikanangokhala chete."

"Ahedi akhoza kukana."

"Sichifuna ndalama," anatero. Patapita kanthawi anawonjezera, "Amayi musawauze dzina limene alipatsa."

Ahedi anali kumsonkhano kuboma mlungu wonsewo. Lolemba pa asembule, adepyute analengeza lamulo latsopano ndipo anayamikira khansolo chifukwa chothetsa nkhani yovuta mwauchikulire. Tabeth anakaonana nawo tsiku lomwelo. Anamuuza kuti chimene khansolo yamanga, imasula ndi khansolo. Alembetse kwa mlembi. Gladys anailandira nkhaniyo mwachifundo, naiika pambuyo pa ya mababu a kuhositelo ndi ya ulendo wa timu ya mpira.

Lachinayi m'mawa ndinaperekeza Tabeth, khasu lili paphewa, popeza munda wathu uli mbali yomweyo. Tisanafike pakamtsinje tinamva nthambi zikuthyoka kutsidya. Pamtunda, pansi pa mtengo wa msikizi, panaima atsikana awiri aang'ono a mu Giredi 8, Judith ndi Florence. Aliyense anali ndi pepala la shuga m'manja. Mumchenga pansipo, pamene njira imadutsa, panali mulu wakuda ukutuluka nthunzi.

"Pita ndiwe, uli ndi liwiro," ankatero Judith.

"Dzulo ndinapita ndine."

Tabeth anafika kumbuyo kwawo, nawalanda mapepala onse awiri, nawapinda n'kuwaika m'thumba la siketi yake.

"Bwererani uko. Khalani pansi."

"A Tabeth, ine ndachedwa kale kawiri," anatero Florence. "Lero ndi dzenje."

"Ndikumba ndine."

"Salola kukumbirana."

"Ndiye tikumba tonse. Khala pansi."

Tinabwerera m'mbuyo mpaka pachulu, kumene mphepo inkachokera kwa njovu kubwera kwa ife. Tinakhala pansi anayi. Florence ankalira mosatulutsa mawu, akuyang'ana mulu uja ukuzizira. Patapita nthawi, tchire limene tonse tinkaliona ngati lopanda kanthu linagwedezeka, ndipo inatuluka yaikazi, kamwana kali pansi pa mimba yake. Inaima pamchenga, ikukupiza makutu, osafulumira.

Kutali, belu la sukulu linalira. Tabeth sanacheuke. Ankayang'ana kumadzulo, kumene kuli njira zina zochokera ku Kakumbi ndi kumidzi ya kudambo, iliyonse ndi kamtsinje kake ndi ana ake.

"A Edmund," anatero motsitsa mawu, "mawa mudzapite ku njira ya kumunsi. Ine ndidzakhala kuno."

"Nanga zinazo?"

Njovu ija inali idakali panjira, ndipo tinapitiriza kudikira.